Mmene ndimalongedzera chikasu m'timaphukusi ta mkaka

Gauni langa la ku labu lili ndi banga pathumba lakumanzere limene sopo anakanika. Tsiku limene ndinadzitayira ufa wa chikasu, uja m'masitolo amalemba kuti turmeric, bangalo linali ngati la dzira. Nditafika kunyumba n'kulipaka sopo, linafiira psuu, mwana wanga mpaka kufunsa ngati ndadzicheka. Nditatsukuluza ndi madzi ambiri linabwerera mwakale. Amayi amene anachapapo nsalu yotayikira msuzi wa chikasu akudziwa zimene ndikunenazi. Kusintha kwa mtunduko ndi kumene timagwiritsa ntchito m'njira imene ndikufuna kukuonetsani, ndiye musakuiwale.

Chimene chimapatsa chikasu mtundu wake chimatchedwa curcumin. Anthu ofufuza zakudya amamukonda, koma ndi mlendo wovuta kusunga. M'madzi sasungunuka: mukamuthira m'kapu amayandama pang'ono kenako n'kudikha pansi ngati nsenga. Dzuwa limamuwononga. Munthu akamudya, wochepa kwambiri ndi amene amalowa m'magazi, wambiri amangodutsa. Mavitamini A ndi D nawonso ali ndi khalidwe lomweli la kudana ndi madzi komanso kuopa kuwala ndi mpweya. Ine ndikadutsa pamsika n'kuona mafuta ophikira ali m'timachubu ta pulasitiki padzuwa tsiku lonse mtima umandiwawa, chifukwa mafutawo, monga shuga wathu, amathiridwa vitamini A kufakitale, ndipo dzuwa limadya vitaminiyo wogula asanafike.

Ng'ombe inathana ndi vuto lotere kalekale. Mwana wake amafunika calcium ndi phosphate wambiri kuti mafupa akule, koma ziwirizi zikakumana m'madzi zimagwirana n'kukhala ngati choko. Ndiye bere limazikulunga m'puloteni yotchedwa casein, n'kupanga timaphukusi tozungulira timene asayansi amati ma micelle. Pa puloteni yonse ya mkaka wa ng'ombe, magawo 80 pa 100 alionse ndi casein. Kaphukusi kamodzi kamakula ma nanometre 150 mpaka 200, ndipo mu milimita imodzi muli ma nanometre 1,000,000. Mutatindandalika mopingasa tsitsi limodzi, tingakwane pafupifupi 400. Timaphukusiti, pamodzi ndi timadontho ta mafuta, ndi timene timamwaza kuwala n'kuchititsa mkaka kuoneka woyera.

Puloteni ya casein ili ngati chingwe chimene mbali zina zimakonda madzi, zina zimawathawa. Zothawa madzi zimabisala m'kati, zokonda madzi zimayang'ana kunja. Curcumin ndi vitamini D, poti nawonso ndi othawa madzi, akapeza mpata amakakhala m'katimo. Gulu la Yoav Livney la ku sukulu ya ukachenjede ya Technion, mumzinda wa Haifa ku Israel, linasonyeza mu 2007 kuti vitamini D2 woikidwa m'timaphukusi ta casein amapirira bwino kuwala kwa UV, kuja kwa m'dzuwa kosaoneka ndi maso, kusiyana ndi wongoyandama payekha. Njira imene ine ndimatsata pa curcumin inafalitsidwa mu 2014 ndi gulu la Qixin Zhong la ku University of Tennessee ku America. Ndinaikonda chifukwa siifuna makina odula kapena mankhwala osungunulira oopsa. Imafuna mita ya pH yabwino ndi dzanja losapupuluma.

Kwa amene anaiwala za ku sekondale, pH ndi muyezo wochokera pa 0 kufika pa 14. Pa 7 ndi pakati. Kutsika m'munsi ndi kowawasa ngati mandimu, kukwera m'mwamba ndi kwa mtundu wa chidulo ndi sopo. Mkaka wongokama kumene umakhala cha pa 6.7. Musanayambe chilichonse, yesani mita yanu m'madzi oyezera a 4, 7 ndi 10. Chaka china ndinataya mlungu wathunthu ndikudzudzula casein, osadziwa kuti mita ndiyo inkanama ndi theka lathunthu. Timapepala tosintha mtundu tija sitikwanira pa ntchito iyi.

Ngati labu yanu ili ndi ufa wogula wa sodium caseinate, amene ndi casein wosungunuka m'madzi, muli ndi mwayi, dumphani ndime ziwiri zikubwerazi. Ife nthawi zambiri tilibe, ndiye timadzipangira. Pezani lita imodzi ya mkaka wongokama, muutenthetse pa madigiri 63 kwa mphindi 30 kuti majeremusi afe, muugoneke mufiriji usiku wonse. M'mawa mafuta amakhala atakwera pamwamba. Musawayengule ndi supuni, mungowasakanizanso. Lowetsani kapaipi mpaka pansi n'kukoka mkaka wa m'munsi. Mkaka wa m'mapaketi wokhalitsa uja musavutike nawo. Mafuta ake anaphwanyidwa kale moti sakwera, ndipo kutentha kwakukulu kumene unadutsamo kunamatiriza mapuloteni ena ku casein, choncho zoundana zake zimatuluka zofewa, zovuta kusefa.

Funditsani mkakawo kufika pa madigiri 35 kapena 40, kenako dontheza dontheza asidi wosukuluka uku mukutakasa. Hydrochloric acid wa 1 M (M ndi muyezo wa kuchuluka kwa mankhwala m'madzi) ndiye timagwiritsa ntchito, koma viniga woyera amagwiranso. Mita ikayandikira 5 mudzaona mkaka ukuyamba kuchita timisenga, ndipo pa 4.6 umapatukana kuwiri: zoyera zoundana, ndi madzi obiriwira pang'ono otchedwa whey. Apa simunachite chachilendo, n'zomwe zimachitika m'chambiko, kungoti kumeneko asidi amapanga ndi tizilombo. Sefani pansalu yoyera, mutsuke zoundanazo ndi madzi katatu, mufinye. Whey musataye, ndibwererako. Lita imodzi ya mkaka wosathiridwa madzi imapereka casein wokwana magalamu 25 kapena kuposerapo pang'ono akauma. Mukapeza wochepa kwambiri, mwina wokugulitsani anadutsira kumjigo. Zofinyazo muli madzi ambiri, ndiye tengani pang'ono, muyeze pasikelo, muumitse mu uvuni pa madigiri 105 mpaka kulemera kusiye kutsika, kuti mudziwe casein weniweni ndi wochuluka bwanji. Zotsalazo zinyenyeni m'madzi oyera n'kumadontheza sodium hydroxide wa 1 M, mankhwala okweza pH, mpaka zonse zitasungunuka ndipo mita yakhazikika pa 7. Zimatenga nthawi, chifukwa pH imakwera kenako n'kutsikanso pamene mibulu ikusungunuka. Mwapanga sodium caseinate wanu.

Ndinene poyera kuti asidi uja anachotsa calcium ndi phosphate n'kuwapititsa m'madzi a whey. Choncho timaphukusi timene tipange si tofanana ndendende ndi ta ng'ombe. Timakhala tating'onopo ndiponso tomasuka. Pa curcumin zimenezo sizivuta.

Konzani tsopano mamililita 100 okhala ndi magalamu 2 a caseinate. Ngati ndi ufa wogula, uwazeni pang'onopang'ono pamadzi akuzungulira, monga mmene timawazira ufa pophika phala. Mukaukhuthula kamodzi umachita mibulu yonyowa kunja youma m'kati, ndipo mudzakhala mukuithamangitsa ndi kandodo mpaka madzulo. Ukasungunuka, vundikirani n'kugoneka mufiriji kuti puloteni imwe madzi bwinobwino. Magetsi akazima usiku, m'mawa nunkhizani musanapitirize. Madzi a puloteni ndi phwando la tizilombo, ndipo mphuno imadziwa msanga kuposa makina.

Konzaninso bika yachiwiri ya madzi okhaokha, mamililita 100, yopanda casein. Chilichonse chimene muchite ku yoyamba muchitenso ku iyi. Ophunzira ambiri amaona ngati n'kutaya nthawi, koma popanda bika imeneyi mulibe poyerekezera, ndipo simungatsimikizire munthu kuti casein ndiye wagwira ntchito.

Valani magolovesi ndi magalasi. Sodium hydroxide amadya khungu mwakachetechete, poyamba chala chimangoterera ngati mwagwira sopo, ululu umabwera pambuyo, ndipo m'diso ndiye sakhululuka. Kwezani pH ya mabika onse awiri kufika pa 12. Soda wophikira therere safika kumeneko, amathera cha pa 8, ndipo chidulo mphamvu yake imasiyana malinga ndi phulusa, ndiye musayesere. Pa 12 zingwe za casein zimakankhana n'kumasuka, madzi amene anali mbuu amayera moti mumatha kuona kachitsulo kotakasira pansi pa bika. Phukusi latseguka.

Thirani curcumin. Ine ndimayeza mamiligalamu 40 pa bika iliyonse. Apa ndi pokoma kuonerera: ufa wa olenji uja ukangokhudza madzi umatulutsa timizere tofiira ngati magazi, ndipo pakangopita mphindi zochepa bika yonse yafiira psuu, yopanda kambewu ngakhale kamodzi. Curcumin amene amakana madzi wasungunuka, chifukwa pa pH yokwera chonchi amataya tizigawo ta hydrogen n'kutenga mphamvu ya magetsi imene imamugwirizanitsa ndi madzi. N'zomwe zinachitika pagauni langa lija. Kutirani mabika ndi foyilo kuti kuwala kusalowe, mutakase kwa mphindi 30. A ku Tennessee anachita izi pa madigiri 21. Kuno mu Okutobala chipinda chimapitirira 30 masana, ndipo curcumin akakhalitsa m'madzi otere amaola msanga kukamatentha, ndiye ine ndimayamba mbandakucha kapena kuika bika m'beseni la madzi ozizira. Musapitirire nthawi, ndipo musatenthetse. Puloteni ikakhalitsa pa pH yokwera, makamaka pamoto, tina mwa tizidutswa take totchedwa ma amino acid timamangana n'kupanga lysinoalanine, chinthu chimene sitichifuna m'chakudya.

Tsopano kutseka phukusi, ndipo apa ndi pamene anthu amagwera. Muyenera kutsitsa pH kuchoka pa 12 kubwerera pa 7 ndi asidi wa 1 M, dontho limodzi limodzi, madzi akuzungulira mwamphamvu. Dontho lililonse likagwa, pamalo pamene lagwerapo pH imatsika kwambiri kwa kanthawi, mudzaona kamtambo koyera kakuoneka n'kuzimirira. Kamtamboko ndi casein amene waundana n'kusungunukanso. Dikirani kazimirire musanadonthezenso. Kuchoka pa 12 kufika pa 10 mita imayenda mwaulesi, munthu mpaka kutopa n'kufuna kuwonjezera dzanja. Pansi pa 9 imathamanga. Ulendo wanga woyamba foni inalira ndili pa 8, ndinafinya kachubu mosaganiza, pobwerera maso pa bika ndinapeza chambiko chachikasu chikuyandama, mita ikuonetsa 4 ndi kanthu. Kuyambira pamenepo ndikafika pa 9 ndimasinthira ku asidi wosukuluka kakhumi, ndipo foni imakhala m'chikwama.

Mtundu umakuuzani pamene muli. Kufiira kumasanduka olenji, olenji n'kusanduka chikasu chowala. Mukafika pa 7, ikani mabika awiri aja pamodzi pafupi ndi zenera. Ya casein imaoneka ngati juwisi wa mango wosefa bwino, yambuu pang'ono, yofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ya madzi okha imayamba kuchita timadontho ta olenji m'mbali mwa galasi, ndipo pofika masana nsenga zadikha pansi, madzi apamwamba atsala otuwa. Curcumin mu mabika onse awiri anafuna kuthawa madzi pamene pH inatsika. Mu imodzi anapeza zingwe za casein zikudzikulunga n'kulowa momwemo. Mu inayo anasowa kolowera n'kugwirana yekhayekha.

Maso okha si umboni. Zunguzani madzi a casein aja mu centrifuge, makina ozunguza timachubu mwaliwiro, kwa mphindi 10 kapena 15 kuti curcumin amene sanalowe agwe pansi. Tengani mililita imodzi ya pamwamba, musakanize ndi ethanol wokwanira kuti curcumin atuluke m'puloteni, muzunguzenso, kenako muwerenge mu spectrophotometer, makina oyeza kuwala kumene madziwo akumeza, mutawaika pa ma nanometre 425 (425 nm). Yerekezani nambalayo ndi zimene makinawo amawerenga pa curcumin wodziwika kuchuluka kwake. Amene mwapeza m'madzi apamwamba mukamugawa ndi amene munathira, n'kuchulukitsa ndi 100, mwadziwa gawo limene lalongedzeka. Likachepa, musathamangire kuwonjezera curcumin. Kawirikawiri vuto ndi loti katundu wachuluka kuposa matumba, ndiye chepetsani curcumin kapena onjezani casein.

Kukula kwa timaphukusi amayeza ndi makina a dynamic light scattering, amene malabu ambiri kuno alibe. Chimene mungachite n'kutenga katochi ka laser kolozera pabolodi, muzimitse magetsi, muwalitse kupyoza m'botolo. M'madzi oyera simuona kanthu. M'madzi a timaphukusi mumaoneka mzere wowongoka ngati dzuwa lolowera pabowo la denga m'khitchini mwa utsi. Izi zikungosonyeza kuti muli tinthu tating'ono tomwaza kuwala, sizikupatsani nambala, ndiye musalembe mu lipoti kuti mwapeza ma nanometre akutiakuti chifukwa cha tochi.

Za chikasu cha pamsika: ufa umenewo curcumin ndi wochepa, magawo awiri mpaka asanu pa 100, wotsalayo ndi sitachi ndi zina. Mukhoza kuugwiritsa ntchito pophunzitsa, kuuthira pa pH 12 n'kusefa zotsalira musanatsitse, koma pa kafukufuku gulani curcumin woyengedwa. Ku Bangladesh kunapezekapo chikasu chopakidwa utoto wa lead chromate kuti chiwale, ndiye ufa wowala mopitirira muyezo wosadziwika kochokera muziukayikira.

Vitamini D ndi A salowa pakhomo la pH ili, chifukwa sasungunuka ngakhale pa 12. Iwowa timayamba tawasungunula mu ethanol pang'ono, n'kudontheza m'madzi a caseinate akuzungulira pa pH 7. Ethanol ikamwazika m'madzi, vitamini amasowa pogwira n'kukakamira ku casein. A ku Haifa aja ankawonjezeranso citrate, phosphate ndi calcium pang'onopang'ono kuti timaphukusi timangike ngati ta mu mkaka weniweni. Ethanol yake ikhale yoyenera chakudya, osati sipiriti wapepo uja woyatsira moto, ndipo kachasu musamutchule n'komwe. Kumbukiraninso kuti mavitamini awiriwa thupi limawasunga m'malo mowataya, akachuluka amadwalitsa. Muyezo wake si wongoganizira.

Timaphukusi tokongola m'bika sitinapambane kanthu tisanalowe m'chakudya. Moto sitiuopa kwenikweni, casein amapirira kutentha bwino, moti madigiri 72 kwa masekondi 15 kapena kuwiritsa m'phala sikutiphwasula. Mdani wake ndi kuwawasa. Ndinathirapo m'juwisi wa malambe ndili ndi chiyembekezo chonse, m'mphindi imodzi kapu inadzaza zoundana zachikasu. Ndikanayenera kudziwa, poti aliyense amene anasakanizapo malambe ndi mkaka anaona mmene umalimbira. Mu yogati ndi chambiko kuundanako kulibe vuto, chifukwa zonse zimaundana pamodzi ndipo curcumin amakhala momwemo. Koma m'chakumwa chowawasa chimene mukufuna chikhale chosalala, muyenera kuveka timaphukusito malaya. Mafakitale a yogati wakumwa amagwiritsa ntchito pectin, amene amachokera m'makoko a malalanje ndi mandimu. Amakuta casein, ndipo timaphukusi timakankhana m'malo mogwirana.

Njira ina ndi whey uja ndinati musataye. Muli puloteni yotchedwa beta-lactoglobulin, pafupifupi theka la puloteni yonse ya whey, imene mwachibadwa ili ndi kamphako m'kati mwake momwe mumakwana vitamini A, vitamini D kapena mafuta ena. Iyo simaundana ndi asidi ngati casein, n'chifukwa chake inatsala m'madzi pa 4.6 paja. Ikakhala yosaphika imadutsanso m'chifu osagayika kwenikweni, n'kukamasukira m'matumbo. Vuto lake ndi moto: ikapitirira madigiri 70 imatambasuka, kamphako kaja kamasokonekera. Ena amagwiritsa ntchito kutambasuka komweko, kuitenthetsa dala cha pa madigiri 80 kuti izikulungane m'timibulu tatsopano, koma kumeneko pH ikaphonya pang'ono mumapeza phala. Whey wathu wa m'khitchini ndi wosukuluka, wodzaza shuga wa mkaka ndi mchere, ndiye pa ntchito yeniyeni pamafunika ufa wa whey woyengedwa.

Yesaninso dzuwa, chifukwa ndilo tinayambira. Ikani mabotolo awiri oonekera pazenera, lina la timaphukusi, lina la curcumin wosungunulidwa ndi ethanol pang'ono m'madzi, kuchuluka kofanana. Botolo lachitatu likutireni foyilo. Muziwerenga pa 425 nm ola lililonse. Musayerekeze ndi bika ya nsenga ija, chifukwa curcumin wodikha pansi amabisalirana yekha ndipo akupusitsani.

Posunga, botolo lakuda, mufiriji pa madigiri 4, masiku ochepa basi. M'mabuku mudzaona ena akuthira sodium azide kuti tizilombo tisamere. Ameneyo ndi poizoni woopsa, ndipo botolo lililonse limene walowamo lilembedwe ndi zilembo zazikulu, lisayandikire pakamwa pa munthu. Zoti anthu alawe zipangidwe padera, ndi ziwiya zakezake ndi mankhwala ovomerezeka m'zakudya, ndipo wolawa afunsidwe kaye ngati mkaka umamutupitsa kapena kumutulutsa ziwengo, poti casein ndi beta-lactoglobulin ndi amene amayambitsa ziwengo za mkaka. Kuti zikhalitse miyezi pamafunika kuumitsa ndi spray dryer kapena freeze dryer. Ufa wake wabwino mukauthira m'madzi ozizira umamwazika wonse osasiya nsenga, ndipo m'kamwa mumamveka kamchere pang'ono, kochokera ku sodium hydroxide ndi asidi zija zitakumana.

Mnzanga wina ataona botolo lachikasu pashelefu anandinong'oneza kuti tizipakira m'timabotolo n'kumagulitsa ngati mankhwala a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndinamukanira. Chimene ndayeza ine n'choti curcumin wamwazika m'madzi ndipo akupirira dzuwa. Zoti akuchiza munthu sindinayeze, ndipo zotsatira za m'mbale za mu labu si zotsatira za m'thupi. Chakudya chogulitsa chimayenera kudutsanso ku Malawi Bureau of Standards. Anandiyang'ana ngati ndataya chikwama cha ndalama m'chitsime, n'kufunsa ngati angatengeko pang'ono akathire mu tiyi. Botolo limenelo linali la azide, ndiye ndinalichotsa pashelefu n'kulitsekera m'kabati, kiyi m'thumba lomwe lija la banga.